Kalabala ka pa Kilatchi

"...ndiye musandiuze za mipando yachikopa, achimwene. Ine ndikufunsa mapedulo. Ndi angati?"

"Awiri, madala."

"Awiri. Nanga inu miyendo muli nayo ingati?"

"Iwiri."

"Ndiye kuti umodzi ukugwira ntchito zonse, kuponda moto womwewo, buleki womwewo, winawo wangokhala ngati mlamu wobwera kudzacheza. Tavulani nsapato ya kumanzere."

Ndinavula, pakati pa msewu, anthu akuona.

Umu ndi mmene ndinadziwirana ndi a Lamanzere, makaniko wa kumunsi kwa msewu wathu, amene tinawaika m'manda miyezi iwiri yapitayi. Amene simunawaone, dziwani ichi choyamba: munthuyu ankaweruza anthu poyang'ana kunsi kwa nsapato ya kumanzere. Ikakhala yodyeka pamene munthu amapondera kilatchi, ankakupatsa mpando ndi tiyi. Ikakhala ndi mizere yake yonse, ankakuyankhula akuyang'ana kumbali, ngati munthu amene wabwera pamaliro atavala kabudula. Dzina lawo lenileni ambirife tinalimva koyamba abusa akulitchula kumanda, mpaka tinayang'anana kuti kodi tasochera maliro?

Nsapato yangayo anaitembenuza, anaipenda, anaibweza ndi zala ziwiri.

"Yatsopano ngati ya mkwati. Kuyambira lero ndiwe Otomatiki."

Ulemu wa "achimwene" unathera pomwepo.

Ine ndinali nditangobwera kumene kuchokera kunja, komwe ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi pa ntchito ya makompyuta. Bambo atamwalira ndinabwera kudzakhala ndi mayi "kwa kanthawi." Mawu amenewa ndinkawatchula katatu patsiku ngati mankhwala. Sutikesi sindinaimasule, inali pampando m'chipinda, kukamwa kuli yasa, kudikira. Ndinabweranso ndi chigalimoto chakuda, chachitali, cha mtundu uja mabwana amachita kukwera ngati akukwera pabedi la m'chipatala, kuti anthu aone kuti zaka zisanu ndi zinayi sindinkangoona chipale chofewa. Chinali ndi chotenthetsera mipando. Chinali ndi chotenthetsera chiwongolero. Kuno, kumene dzuwa likhoza kukazinga dzira pa boneti.

Nyumba ya mayi ili pamwamba pa chitunda chimene ngakhale njinga zimakwera mochita kupemphedwa. Mlungu wachitatu, pakati penipeni pa chitundacho, pamene pamakhala amayi ogulitsa tomato, galimoto inaliza kabelu, inalemba uthenga waulemu pagalasi, kenaka inanunkha ngati poto woiwalika pamoto. Inatsika chobwerera, ine ndili pa buleki, mpaka pakhomo pa a Lamanzere.

Tsiku lomwelo ndinauza mayi: "Ikangokonzedwa ndiigulitsa, ndizipita. Kuno ngakhale galimoto ikukana."

Mayi anapitiriza kusita malaya anga, ndipo atamaliza sanawabwezere m'sutikesi. Anawapachika m'kabati.

M'galaja ya a Lamanzere, pamwamba pa benchi ya masipanala, panali mapu a dziko lonse odula pa kalendala yakale, akuda ndi zidindo za zala. Bamboyu sanakwerepo ndege, sanawolokepo malire, koma dziko ankalidziwa kudzera m'maboneti. Madalaivala a malole ankawabweretsera timabuku ta magalimoto, iwo n'kumatiloweza ngati mawa kuli mayeso.

"Galimoto yakoyi ili ndi abale ake a bere limodzi," anatero, akuloza mapu ndi sipanala. "Nkhope imodzi, dzina limodzi, mitima yosiyana. Uku kumchenga, kumene petulo ndi wotchipa kuposa madzi akumwa, amaipatsa masilinda eyiti ndi ladiyeta yaikulu ngati chitseko cha tchalitchi. Uku, kumene boma limadula msonkho poyeza kukula kwa injini, chinthu chonsechi amachipatsa masilinda anayi okha, n'kuikapo tabo yopopera mpweya kuti chizithamanga ndi befu. Njovu ya mtima wa mbuzi. Uku kwa alimi ndi a migodi imapita ya dizilo, ina ya petulo ya masilinda sikisi ngati yakoyi, koma zonse magiya a pamanja, kilatchi yolimba ngati mtima wa apongozi. Tsono yako..." Sipanala inakwera mpaka kumtunda kwa mapu, kumene kunali koyera. "Yako anaipangira anthu ozizidwa, a misewu yosalala ngati tebulo. Magiya eyiti osintha okha, koma choziziritsira mafuta ake n'chaching'ono ngati bokosi la machesi. Yaona chitunda chathu ndi dzuwa lathu, yaphika magiya ake omwe."

"Kunja akanangosintha giyabokosi yonse tsiku limodzi," ndinatero. Ndinali ndi matenda amenewo, chiganizo chilichonse kuchiyamba ndi "kunja."

"Kunja ndi kuseri kwa chitseko icho," anatero. "Ukafuna tuluka."

Apa n'kuti akazi awo akulowa ndi tiyi, kapu imodzi yokha, poti ine nsapato inali itandimana. Mayiwa tinkawatcha a Lamanja, chifukwa ndiwo ankaponda buleki bambowo akayamba kuthamanga m'kamwa.

"Usanamizidwe ndi mapuwo, mwana wanga," anatero a Lamanja. "Chidani chawo ndi otomatiki sichinachokere m'mabuku. Uwafunse za nkhuku zanga."

"Mayi, nkhani imeneyo inatha," anatero a Lamanzere.

"Zinatha ndi nkhuku. Nkhani ilipo."

Zinachitika zaka makumi atatu zapitazo, bwana wina atabweretsa otomatiki yoyamba m'dera lathu kuti aikonze nyali. Anasiya makiyi n'kumapita. A Lamanzere atakhala pampando kuti ailowetse m'galaja, anapeza kuti pamene pamayenera kukhala manambala pali zilembo zinayi: P, R, N, D. Katswiri safunsa. P, Pita. N, Nyamuka. D, Dikira. R yokha ndiyo inawazunguza, poti m'Chichewa sanapezemo mawu oyamba ndi R, ndiye anati imeneyo ndi ya eni ake.

Galimoto inali kale pa Pita. Anaponda moto, inangobangula osasuntha. Anaika pa Nyamuka, inabangulanso, osanyamuka. Atatopa anati basi, ndikafunse kaye kwa anzanga. Anaika pa Dikira, n'kutsika. Galimoto inanyamuka yokha, mwaulemu, pang'onopang'ono ngati mkwatibwi, inalowa m'galaja, inatulukira kuseri itasenza malata a khoma pa boneti, n'kukaima m'khola la nkhuku.

"Ndinaiuza kuti idikire!" anakuwa a Lamanzere, mkwiyo ukadali wa dzulodzulo. "Imati Pita, yaima. Imati Nyamuka, ikungolira. Imati Dikira, uyo ikupita. Chinthu chonama katatu pa zilembo zinayi, iwe ungachikwatire?"

"Ndi Chingerezi, madala."

"Ndiye izikanama kwawo."

Zimene zinachitika mawa lake, galimoto yanga itagona pagalaja, ndinazimva mochedwa kwa a Lamanja. Mayi anga anatsikira ku galaja ndi kathumba ka malalanje.

"Bambo, galimoto ya mwana wangayo musaifulumire ayi. Ngakhale itatha chaka, ine sindidandaula."

"Mayi, zaka makumi anayi sindinachedwetsepo ntchito dala. Ndikayamba lero, masipanala awa andiseka. Koma pitani mtima uli m'malo. Ndiikonza msanga, ndipo ndiikonza bwino moti simudzandiiwala."

Mayi anabwerera akudandaula malalanje awo.

Ndiye munthu uja anayamba. Anamva kwa dalaivala wina kuti m'bale wake wa galimoto yanga, uja wa kwa alimi, anagubuduka zaka zapitazo pa famu ina yakutali ndipo akungogona pansi pa mtengo. Anakwera basi. Mwini famu anakana. Anakweranso basi mlungu wotsatira. Anakanidwanso, agalu n'kuwaperekeza. Ulendo wachitatu ananyamula mpando wawo, anakaukhazika pageti, n'kumamvetsera thalakitala iliyonse yodutsa, akukuwa matenda ake. "Iyo beringi yatha! Iyo ikumwa oyilo ngati mfiti!" Mmene dzuwa linkapendeka, madalaivala onse a pafamupo anali ataima pamzere kuti awamverere zawo, ntchito itaima. Mwini famu anatuluka n'kunena kuti tengani chimene mukufuna, bola muchoke ndi mpando wanuwo.

Milungu itatu yotsatira anatchinga galaja ndi lona. Ine anandiletsa kusuzumira. Ndinkangomva kugogoda, kutukwana, ndi a Lamanja akukuwa kuti bambo inu chakudya chazizira. Ntchito zina zonse anazikana. Wa minibasi wina anawachonderera atagwada, iwo anamuyankha ali kunsi kwa galimoto yanga kuti, "Ndili ndi wodwala wamkulu, pita kwa anamwino."

Tsiku lochotsa lona anavala malaya oyera. Ndinatsegula chitseko, ndinakhala pampando wachikopa uja, ndinayang'ana kumapazi. Ndinawerenga. Ndinawerenganso. Mapedulo atatu.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Mwendo wako wapeza ntchito."

"Koma ine layisensi yanga ndi ya otomatiki!"

"Usanene mokweza. Mayi ako anthu amawalemekeza."

Koma tsikulo sanaseke mpaka kumapeto, chifukwa galimoto inakana kulira. Kompyuta yake, imene iwo ankaitcha ubongo, inkafunafuna giyabokosi yakale ngati thole lofuna make. Anaika khutu pa boneti, anagogoda apa ndi apo, anaikanso khutu. Chete. Aka kanali koyamba kuwaona a Lamanzere atasowa pogwira, ndipo sizinandisangalatse monga mmene ndinkayembekezera. Ndinakwera chitunda wapansi, ndinakatenga laputopu, ndinafunafuna chingwe chake m'tauni yonse. Masiku anayi ndinakhala pampando wa galimotoyo, thukuta kamukamu, kuunyengerera ubongowo kuti mayi ako anamwalira, vomera mayi wokupeza. Tsiku lachinayi masana inalira.

A Lamanzere anaikanso khutu pa boneti.

"Kani kunjako munkaphunzirako kanthu." Kenaka anakuwira kunyumba: "Mayi! Makapu awiri!"

Mawa lake anandikankhira galimoto ya munthu wina, yoyaka tinyali tonse ta padashibodi ngati sitolo ya mawayilesi. "Izi za ubongo ndi zako. Ine khutu, iwe waya."

Ine maganizo anali pa kugulitsa galimoto yanga basi. Bwana wina wa mabasi, amene ankaisirira kuyambira tsiku limene inafika, anabwera atapopera perefyumu. Anasisita chikopa, anatsegula ndi kutseka denga, kenaka anayang'ana kumapazi. Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

"Mphwanga, ndavutika zaka zonsezi kuti ndizipondanso kilatchi ngati dalaivala wanga?"

Wogula wachiwiri anateronso. Wachitatu anafunsa ngati pedulo yachitatuyo ingachotsedwe. Ndinatsikira ku galaja mtima uli phuphuphu.

"Mwandiphera msika dala!"

"Ndakukonzera galimoto. Ikuyenda kapena sikuyenda?"

"Ikuyenda, koma mabwana akuno saifuna!"

"Mabwana akuno mapazi amanzere anafa kale, angotsala kuwaika." Anagwada pachitseko n'kundionetsa kalabala kovala pa pedulo ya kilatchi. Kanachokera ku galimoto yogubuduka ija, kodyeka kale pang'ono ndi phazi la mlimi amene sitinamudziwe. "Tipangane ngati amuna. Ukakatha kalabala aka ndi phazi lako, mpaka chitsulo chioneke, wogula ndikupezera ndine. Ku ndege ndikakuperekeza ndekha. Koma munthu sagulitsa chinthu chimene sanachidziwe. Ndi mwano."

"Nanga ndikakapala ndi mpeni?"

"Ndidzaona nsapato."

Ndinati miyezi iwiri kameneka katha. Tinagwirana chanza.

Sukulu inali pachitunda, pa amayi a tomato paja. Tsiku loyamba galimoto inandizimira kakhumi ndi kasanu ndi kawiri, ndipo sindikuchita kuyerekeza, amayiwo ankawerenga mokweza onse pamodzi ngati ana a sukulu. A Lamanzere anali pambali panga, dzanja pa handibuleki.

"Usathawe! Pali pamalo pamene imagwira, injini imasintha mawu. Ukafika pamenepo khala kaye. Iwe ukangomva kuti yayamba kugwira wachotsa kale phazi, ngati waponda khala lamoto."

"Kunja palibe amene..."

"Chitseko chili kumbali yakoyo. Bwerezanso. Ukachotsa msanga izima, ukakakamira ipsa. Mvera."

Ndinalimba nazo, osati chifukwa chokonda kuphunzira, koma kuti kalabala kathe. Ndinakalembanso layisensi. Ndinkanyamula mayi kupita kutchalitchi, kumsika, ngakhale kwa anzawo a nyumba yachitatu. Ndinkasankha dala msewu wa mdipiti, uja mumayenda mikono iwiri n'kuima, kuti ndiponde kambiri. Loweruka lililonse a Lamanzere ankagwada, n'kukakanda kalabalako ndi chikhadabo.

"Kadakalipo."

Miyezi iwiri inakhala isanu ndi umodzi. Abwana anga akale kunja ankandilembera nthawi ndi nthawi kuti desiki yako ilipo, ine n'kumayankha kuti ndatsala pang'ono. Ku galaja magalimoto a ubongo wosokonekera ankachuluka, ena ochokera kutsidya kwa tauni, akufunsa kuti kodi kwa Otomatiki ndi kuno? Kunyumba, mayi ankachotsa chovala chimodzi m'sutikesi mlungu uliwonse n'kuchipachika m'kabati, akuganiza kuti sindikuona. Inenso ndinkachita ngati sindikuona.

Chaka chinatha, ndi miyezi ina pamwamba. M'mawa wina a Lamanzere anagwa pa benchi yawo, sipanala ili m'manja. Ambulansi itanyamuka, a Lamanja akuti bambowo anatsegula maso, anatchera khutu.

"Mayi, iyi yasintha giya yokha."

"Gonani, bambo."

"Nditsitseni."

Sanayankhulenso. Anatisiya tsiku lotsatira.

Galimoto yonyamula maliro itafika, a Lamanja sanayang'ane maluwa kapena makatani. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwerama.

"Awiri," anatero. "Munthuyu ndakhala naye zaka makumi anayi. Mukamukweza umu adzuka."

Tinapinda mipando yachikopa ya galimoto yanga, bokosi linalowa ngati anachita kuyeza. A Lamanja anakhala pambali panga. Njira ya kumanda imakwera chitunda chathu chomwechi, ndipo pakati penipeni, pa tomato paja, lole ya mchenga inatsekereza msewu ikutembenuka. Ndinaima. Pagalasi ndinaona khamu la anthu oyenda pansi litafika mpaka pa bampala, amayi, nkhalamba, abusa patsogolo. Kubwerera m'mbuyo ngakhale dzanja limodzi kukanakhala maliro ena. Kuzima kukanakhala manyazi amene mwini bokosi sakanandikhululukira.

Lole inachoka. Ndinaponda kilatchi, ndinalowetsa giya wani, ndinayamba kukweza phazi. Injini inasintha mawu. Zonse za m'thupi mwanga zinati chotsa, thawa. Ndinakhala kaye. Ndinatsitsa handibuleki, galimoto inakwera mosalala moti ngakhale nkhata ya maluwa pabokosi sinagwedezeke.

A Lamanja anatembenuka n'kugogoda bokosi ndi chala.

"Mwamva, bambo?"

Amayi a tomato sanawerenge kanthu tsiku limenelo.

Msewu wathu tsopano ndi waulemu kwambiri, ndipo sukoma. Ma otomatiki amadutsa pa galaja osatukwanidwa. Palibe amene amavula nsapato pakati pa msewu, ngakhale ndaona amuna akuluakulu, akafika pachitseko paja, akubisabe phazi lamanzere kuseri kwa lamanja. Galaja ndimatsegula ndine m'mawa, a Lamanja anandipatsa kiyi. Za ubongo ndimakonza. Koma munthu akabwera n'kunena kuti ikumveka kaphokoso kenakake, ndimaika khutu pa boneti, ndimamva phokoso basi, ndipo ndimapezeka ndatembenukira ku benchi kuti ndifunse.

Mlungu watha, ndikutsika chitunda, phazi linaterereka pa kilatchi. Nditaima ndinagwada. Chitsulo chinali mbee, kalabala katang'ambika pakati. A Lamanja anandipeza ndili chogwada chomwecho.

"Tavula," anatero.

Anaitembenuza nsapatoyo ngati mmene ankachitira amuna awo. Pansi pake panali dzenje loti chala n'kulowa.

"Pangano latha, mwana wanga. Wogula anakupezera kalekale, mlimi wina wa mapazi onse awiri. Nambala yake ili kuseri kwa mapu. Anati ndisakuuze mpaka chitsulo chioneke."

Ndinamatula ngodya ya mapu. Inalipodi, yolembedwa ndi pensulo, chidindo cha chala chakuda pambali pake.

Ndinawauza mayi masana omwewo. Sanalire. Analowa m'chipinda, anatulutsa sutikesi, anaipukuta fumbi n'kuiika patebulo. Inali yopepuka ngati chipewa, munalibe ngakhale sokosi.

"Zovala zako zili m'kabati," anatero. "Ndikusitira."

Mawa lake ndinawatsanzika kuti ndikupita m'tauni kukafunsa za tikiti. Sindinaname, ndinakaimadi kutsogolo kwa ofesi ya matikiti, pamalo opendekeka pang'ono, ndipo ndinalowapo chobwerera kamodzi kokha osazimitsa. Ndinakhala m'galimotomo kanthawi, phazi lili pachitsulo chopanda kanthu chija. Kenaka ndinawoloka msewu, ndinalowa m'sitolo ya masipeyala.

"Kalabala ka pa kilatchi."

"Tilipo tiwiri, bwana. Aka kopyapyala, chaka chimodzi katha. Aka kokhuthala, mudzatopa nako."

Ndinabwera nako m'thumba la malaya. Mayi ndinawapeza akusita, mulu wa zovala zanga uli pambali pa sutikesi. Ndinakaika patebulo.

"Matikiti a masiku ano ndi otere?"

Anazimitsa ayironi. Anakatola, anakatembenuza, anakatsina ndi chikhadabo ngati akugula nsalu.

"Kameneka kamatha nthawi yaitali bwanji?"

"Akuti zaka zisanu, mayi."

Anakatsinanso.

"Analibe kokhuthala kuposa apa?"